Kabokosi ka Machesi pa Gombe

Bambo anga, a Eilif, anali atakhoma kale zikhomo pamalo omangapo kanyumba kathu kosambiramo nthunzi yotentha. Anasankha pamwamba penipeni pa gombe, kuti munthu akatuluka thukuta lili kamukamu azingotsetserekera mumtsinje. Loweruka anansi anabwera ndi nyundo zawo kudzathandiza, mayi atakonza khofi ndi timikate tambiri ta wafulo.

Ine ndinkadziwa kuti gombelo lidzagumuka, koma pakakhala anthu opitirira atatu mawu anga amathera pakhosi.

Ndinazidziwira pa ntchito ya kusukulu. Chigwa chathu n'chodzaza mchenga ndi miyala zimene ayezi anasiya posungunuka kalekale, ndipo mtsinje wakhala ukudzikumbira njira m'menemo. Ndinatenga chodyeramo nkhosa chakale, ndinayala miyala pansi, mchenga pamwamba, monga zilili pagombe lathu, n'kumatsegula paipi. Ndinayesa kasanu ndi kawiri. Nthawi zonse madzi ankakumba msanga mpaka kufika pamiyala, ndipo akalephera kutsika ankayamba kudya m'mbali.

Bambo ankaona zina. "Mtsinje uwu unafika pamiyala ine ndili mnyamata," ankatero. "Sunatsikenso. Unatopa."

Anthu akumwa khofi, ndinakankha chodyeramo chija pa wilibala mpaka pafupi ndi tebulo. Ndinaika kabokosi ka machesi m'mphepete mwa kangalande, n'kutsegula madzi.

"Tordis watibweretsera chiyani, munda wa nyerere?" anafunsa a Gunvor, anansi athu oweta mbuzi.

"Ndi mtsinje," ndinanong'ona.

"Nanga machesiwo?"

"Ndi kanyumba. Bambo ali m'katimo."

Anthu anaseka. "Iwe Eilif, taona mmene wachepera!" anatero a Gunvor.

Madzi anakumba, anafika pamiyala, kenako zii. Kabokosi kanangokhala phee. Bambo anatola nyundo n'kundisisita pamutu.

"Waona, mwanawe? Ndikusamba mwamtendere."

Onse anawatsatira, kupatula a Gunvor amene anali asanamalize wafulo wawo wachitatu. Anakhala nane akutafuna, tonse maso ali pamchenga. Pansi pa kabokosi panayamba kutseguka kamphako.

"Eilif!" anakuwa a Gunvor. "Tabwera msanga, ukupendekeka!"

Anthu anafika kabokosi kakugwada. Kanagwera m'madzi, kanazungulira kawiri, n'kukagwera mu udzu kumapeto kwa chodyeramo.

"Madzi a paipi ndi aukali," anatero bambo. "Mtsinje weniweni sutero."

"Nanga mpanda wa agogo uli kuti?"

Ndinadabwa kumva kuti mawuwo ndi anga, okweza ndithu, pamaso pa anthu asanu ndi atatu. Onse anacheukira kugombe. Mtengo womaliza wa mpanda wakalewo unali lende m'malere, utangogwiridwa ndi waya, nthaka ya pansi pake itapita ndi madzi. Tinkaudutsa tsiku ndi tsiku.

Bambo anauyang'ana nthawi yaitali, akukanda ndevu. Kenako anawerama n'kuzula chikhomo choyamba.

"Tisunthe mapazi angati, aphunzitsi?"

"Makumi atatu."

"Makumi atatu! Ndizithamanga mtunda wonsewo osavala, m'chisanu?"

"Uzithamanga basi," anatero a Gunvor akutola chingwe choyezera. "Ine ndizitsekera mbuzi zanga zisamaone."

Anandipatsa nsonga ya chingwe, ndipo ndinayamba kuwerenga mapazi mokweza.