Webusaiti Itakana Dzina la a Mang'anda

A Henderson Mang'anda anafika mu ofesi ya bungwe la mbande cha m'ma 10 koloko, nsapato zili matope okhaokha. Anachokera ku Malosa pa minibasi, n'kukwera phiri la Zomba pa njinga yamoto.

Mu ofesimo anapezamo Miriam, amene anamaliza maphunziro a makompyuta ku Chirunga chaka chatha. Iyeyu ndi amene anapanga webusaiti yoti alimi azilembetserapo mbande za mitengo pa foni.

"Mayi, makina anuwa akuti dzina langa ndi lolakwika," anatero a Mang'anda akumupatsa foni. "Ndayesa kanayi. Dzina limeneli ndakhala nalo zaka 68."

Miriam analemba yekha dzinalo. Panatuluka mawu ofiira okana. Atachotsa kachizindikiro ka pakati pa g ndi a, fomu inalola.

Miriam anazindikira pomwe panali vuto. Mbali yoyang'ana mayina sanailembe yekha. Anaitenga pa intaneti, kapulogalamu kaulere kolembedwa ndi munthu wina wakunja, kamene anzake onse kusukulu ankakadalira. Sabata yatha anaika mtundu wake watsopano. Kenako anayeza webusaitiyo ndi chida choyezera liwiro, ndipo chinamupatsa 99 pa 100. Anajambula n'kutumizira bwana wake ndi chimwemwe. Chidacho chinaona kuti tsamba likutseguka msanga, koma sichinayesepo kulemba dzina la munthu aliyense.

Anatsegula tsamba la mwini kapulogalamuyo kuti amudandaulire. Pamwamba panali uthenga wa masiku asanu apitawo: munthuyo anati watopa, wagwira ntchitoyi yekha zaka zisanu ndi ziwiri osalipidwa, ndipo wasiya. Miriam anawerenga kawiri. Mkwiyo umene anali nawo unasowa kopita.

"Pepani bambo, vuto si lanu," anatero. "Ndinadalira chinthu chomwe sindinachione m'kati. Tandidikirani pang'ono."

Anachotsa kapulogalamuko n'kulemba mizere yake khumi ndi iwiri. Zinamutengera ola lathunthu, uku a Mang'anda akumwa tiyi, akuyang'ana nkhungu ikutsika m'mapaini. Atamaliza, dzina lawo linalowa lonse lathunthu.

"Kodi alipo ena kwanuko amene anakanidwa?" anafunsa Miriam.

"Alipo. Abigail wa kwa a Ng'ombe anangosiya, akuti mbandezo si za anthu ngati ife. Ena anangodula dzina kuti lilowe."

"Ndipatseni nambala yawo a Abigail."

A Mang'anda atatsika phiri, Miriam anatsegula mndandanda wa onse olembetsa sabata imeneyo. Anapezamo Ngoma, Mbwana, Nganjo. Sanadziwe kuti ndi ati amene mayina awo ali choncho kuyambira kale, ndi ati amene anawadula. Palibe chida chimene chikanamuuza zimenezo. Anakokera mpando pafupi ndi zenera pomwe netiweki imagwira bwino, n'kuyamba kuwaimbira mmodzimmodzi.