Kachewere wa Ivo Akwera Ndege

Mowa wa pabwalo la ndege ku Tete unabwera m'matambula aataliatali, wozizira mochita kuwawitsa mano. Ivo sanaukhudze. Maso ake anali pa jekete ya mng'ono wake Tomás, yatsopano, yonunkhirabe sitolo.

Thumba la kachewere linali litalowa kale kumene kumapita katundu. Anali kachewere wa Ivo, wa m'dimba lake ku Tsangano, amene anapirira chaka chomwe minda ya anzake inapserera ndi chiwawu. Koma bungwe la alimi posankha munthu wokamuonetsa ku feira, chionetsero chachikulu cha ku Maputo, linati pafunika wodziwa Chipwitikizi. Ivo sukulu yake anaphunzira ku Ntcheu, pothawa nkhondo. Tomás anabadwa banja litabwerera, Chipwitikizi nachiyamwa kusukulu. Basi, wolima n'kukhala wosenza thumba pa minibasi ya chapa, wogona mpaka dzuwa litatentha n'kupatsidwa mpando m'ndege.

"Imwani, mano, ufunda," anatero Tomás, amene mkulu wake amamuitana "mano" mwa Chipwitikizi.

"Ludzu ndilibe."

Tomás anatulutsa kabuku ndi cholembera, nakhosomola pang'ono. "Nanga akakandifunsa kuti mbewu timasunga bwanji, ndikati chiyani?"

"Timasunga? Iwe ndi yani?"

"Aa, mano, musatero."

"Ndiye mowawu ndi wa zimenezo? Ndimayesa ukutsanzika."

Ivo anayang'ana kunja pagalasi. Ndege inali itaima padzuwa, yoyera ngati ndowa yatsopano, ndipo m'mimba mwake munali kachewere wake. Anaona m'maganizo Tomás ataima pakati pa mabwana, akumuombera m'manja, akumujambula atanyamula mbatata imene sadziwa n'komwe kuti inakumbidwa mzere uti. Bodza linabwera lokha palilime: amuuze kuti mbewu amainyika m'madzi amchere, akanene zimenezo pamaso pa akatswiri, amuseke mpaka jeketeyo imuthine. Koma akamuseka Tomás ndiye kuti aseka kachewere, ndipo kachewere sanamulakwire.

Mawu a mkazi anamveka pa chinkuzamawu, akuitana a ku Maputo. Tomás anadzambatuka.

"Chonde, akulu anga. Ndikayaluka."

"Bweretsa selula yako. Tsegula pojambulira mawu."

Ivo anaigwira pafupi ndi pakamwa ngati chitsononkho, nalankhula mokweza mpaka wogulitsa mowa anacheuka. "Ine ndine Ivo Lourenço wa ku Tsangano. Kachewere mukumuonayu ndalima ndine. Amene wakubweretseraniyu ndi mng'ono wanga, khasu limam'tupitsa manja." Kenaka anafotokoza zonse mosabisa: kuti mbewu amasankha kumunda wakumtunda kokha, pa mapesi amene sanafote, kuti amaiwaza phulusa, n'kuiyala pathandala powala, osati m'thumba mumdima monga achitira ena.

"Mano, anthu akumeneko Chichewa samva."

"Si ndiye ntchito yako? Anakusankhira pakamwa, osati manja. Ukayatse selulayi, iwe uzingomasulira."

"Ndi za khasuzo ndikamasulire?"

"Makamaka zimenezo."

Tomás anaseka mwamanyazi, naika selula m'thumba, nathamangira pamzere. Ali pakhomo anatembenuka, nakweza dzanja. Ivo sanakweze lake. Anangoloza khutu ndi chala, kuti mng'ono wakeyo adziwe kuti za ku Maputo zimafika ku Tsangano, ndipo akakadumpha ngakhale liwu limodzi pomasulira, iye adzamva.