Nyali Yobiriwira ya Mkamwini

Rufunsa itangokhala boma palokha, mabungwe anayamba kufika ngakhale kumidzi ya ku Shikabeta, kumene kale kubwera kwa galimoto kunali nkhani yosimba. Limodzi la mabungwewo linakumbira amayi a kalabu ya dimba chitsime chakuya, n'kuikapo pampu yoyendera dzuwa ndi thanki pansanja yachitsulo. Wapampando wa kalabuyo anali Tionenji, mkazi wamasiye. Chimanga chake chinali chitapsa ndi ng'amba, kotero chiyembekezo chake chonse cha chaka chimenecho chinali pa tomato amene anawoka m'dimbamo.

Pansi pa thanki panali kabokosi kotuwa kachitsulo. Ntchito yake inali kulondera pampu. Madzi akachepa m'chitsime, kapena pampu ikayamba kutentha, kabokosiko kankayenera kutumiza uthenga pa netiweki ya foni kwa amisiri a ku Lusaka kuti abwere chinthu chisanapse. Bungwe linanena poyera kuti pampu ikafa kabokosi kali kolumikizidwa, lidzaika ina, koma ikafa kabokosi kali chete, kalabu idzadzionera yokha. Nyali yobiriwira inkatanthauza kuti kabokosi kakulankhula ndi Lusaka. Yofiira inkatanthauza kuti kali chete.

Mmisiri amene anatumidwa kudzalumikiza kabokosiko anali Bornwell, mwamuna wa Leah, mwana wa Tionenji. Monga mwa mwambo, Tionenji sankamuyang'ana kumaso mkamwini wakeyo, sankamutchula dzina, ndipo mawu onse ankadzera mwa Leah. Tsiku lopereka chitsime kwa kalabu, iye anakhala patali pansi pa mtengo wa mango, akumuonera m'mbali mwa diso, mtima uli m'malo.

Bornwell anafika panjinga yamoto atavala suti. Mlongoti wautali wokokera netiweki umene unkayenera kumangidwa pamwamba pa nsanja anausiya kushopu yake kumsewu waukulu, poti munthu wovala suti sanyamula chitsulo paphewa, komanso sakwera nsanja amayi akuona. Anatsegula kabokosi, analowetsa simu khadi ya bungwe, n'kulumikiza laputopu ndi chingwe. Analemba dzina la khomo limene khadiyo imalowera pa netiweki, lija amisiri amati APN, pamodzi ndi mawu achinsinsi. Anazimitsa, anayatsanso. Nyali inakhala yofiira. Netiweki ya khadi imeneyo siinkatsika m'chigwamo popanda mlongoti.

Alendo anali atayamba kukhala pamipando ndipo kwaya inali kuyeserera. Tionenji anaona mkamwini wake akupukuta thukuta, akuyang'ana uku ndi uku. Kenaka anamuona akutsegula foni yake, kutulutsa khadi yakeyake ya kampani ina imene inkagwirako pang'ono pamalopo, n'kuilowetsa m'kabokosi. Bornwell anafufuta dzina la khomo lija, analemba lina. Nyali inasanduka yobiriwira.

"Aleluya!" anafuula Bornwell. "Lusaka yayankha!"

Amayi anaimba nthungululu. Mkulu wa bungwe anajambula nyaliyo pafoni. Bornwell anapemphera pemphero lalitali, anadya nkhuku imene apongozi ake anamuphera, ndipo alendo atapita, anabwerera kukabokosi ngati munthu woiwala chipewa. Tionenji anali kutola mbale chapafupi. Anamuona akutenga khadi yake, ndipo anaweramitsa mutu monga mpongozi wolangizidwa bwino.

M'mawa mwake nyali inali yofiira.

Tionenji anakwera pachulu cha kuseri kwa sukulu, pamene mudzi wonse unkaimbira foni, n'kuimbira Leah.

"Mwanawe, uwauze atate a kunyumba kwako kuti nyali ija yafiira."

"Nizabauza, amai, akabwelako ku chechi."

Yankho la Leah linachedwa, ndipo litafika linali lofewa. "Ba Bornwell akuti ni netiweki chabe, izabwela yeka. Akuti musade nkhawa."

Ketrina, mnzake wa m'kalabu amene pakamwa pake sipankatsekeka, anaseka atamva zimenezo.

"Amake Leah, akamwini anu anadya nkhuku n'kumeza nyali yomwe. Imbirani ku Lusaka inu, muwauze."

"Ndikanene mwamuna wa mwana wanga kwa mabwana ake? Akamuchotsa ntchito, Leah adzandiyang'ana bwanji?"

"Nanga tomato adzakuyang'anani bwanji? Kapena mudzathirira ndi ulemu?"

Tionenji anatumizanso mawu kudzera mwa Leah, kenaka anatumizanso, ndipo nthawi iliyonse mawuwo ankafika kwa Bornwell atavekedwa ulemu wochuluka kotero kuti sankalumanso. Ulemu anauika makolo kuti utchinjirize nyumba. Koma munthu wopanda chikumbumtima amaudziwa bwino mpanda umenewo, ndipo amabisala kuseri kwake podziwa kuti wolakwiridwa sangaulumphe.

Mwezi wa Okutobala unafika ndi dzuwa lake. Tomato anali atachita maluwa, ena atabala timbulu tobiriwira. Madzi anatsika m'chitsime popanda wodziwa. Masana ena pampu inalira mawu achilendo, paipi inatsokomola mpweya, kenaka kunamveka fungo la waya wopsa. Amayi anaimirira ndi makasu m'manja, akuyang'ana thanki imene siinkadzazanso.

Mmisiri wa ku Lusaka atabwera, analumikiza laputopu yake, n'kupukusa mutu.

"Amai, aka kabokosi kanakamba na ise tsiku limodzi chabe, tsiku la mwambo. Ndipo nambala imene kanakambila si yathu." Anaiwerenga mokweza. "Ni ya ndani iyi?"

Tionenji ankaidziwa nambalayo ngati dzina la mwana wake. Ketrina anamuyang'ana. Amayi onse anamuyang'ana.

"Sindikuidziwa," anatero.

Mmisiriyo ananena kuti pangano linali lomveka, pampu ina siibwera. Anakwera galimoto n'kupita.

Amayi anayesa kutunga ku kamtsinje ndi ndowa, koma mtunda unali wautali ndipo mizere inali yambiri. Tomato anafota kuyambira kumunsi, timbulu tija tinayoyoka, ndipo amayi ena analeka kumupatsa moni wapampando wawo.

Bornwell anabwera ndi Leah dimba litauma kale, atanyamula shuga ndi chitenje chatsopano. Anagwada patali, kumapeto kwa bwalo, akuomba m'manja mwaulemu, n'kutuma Leah kuti afunse ngati apongozi adzuka bwino.

Tionenji anaimirira. Anapita kudimba, anazula tsinde limodzi la tomato louma, n'kudutsa bwalo lonse mpaka pamene mkamwiniyo anagwada. Kwa nthawi yoyamba chikwatirire mwana wake, anamuyang'ana m'maso.

"Bornwell," anatero, "ndinakuona."

Anaika tsindelo pamwamba pa shuga uja n'kulowa m'nyumba.

Leah analira. Pofika Lamlungu nkhani inali itafalikira mpaka ku Mpanshya, ndipo pabwalo la tchalitchi anthu ankapukusa mitu. Za khadi ija panalibe wozitchula. Chimene chinkawadabwitsa chinali chakuti mayi wamkulu ngati Tionenji, wa imvi kumutu, angatchule dzina la mkamwini wake pamaso pa anthu.