Mwala wa Pachitseko

"Mwala wake si umenewo," anatero Kabatani.

Mchimwene wake anali atagwada pafupi ndi makina osokera, m'manja muli kamwala kamene anatola pabwalo. Patsogolo pake panali katoni ya nsapato yomatidwa dothi, yobooledwa khomo lozungulira. Linali Lachisanu masana. Amayi awo anaikidwa m'manda Lachiwiri.

"Mwala ndi mwala basi."

"Amayi amatenga wa pachitseko."

Amatenga, ngati kuti akadali moyo. Mnyamatayo sanamukonze. Anadzuka n'kukanyamula mwala wosalala umene Amayi ankatchingira chitseko kuti mphepo isachitseke. Unali pangodya pamene anthu a pamaliro anaukankhira. Chichokereni anthuwo, chitseko chinkangokhala chotseka.

Chaka chilichonse, sabata yokumbukira imfa ya Yesu ikafika, Amayi ankaika pambali zosoka za anthu n'kuumba manda a katoni. Pegi yopanira zovala ankaikulunga m'kansalu koyera, ndiye Yesu ameneyo. Lachisanu ana ankamugoneka m'katimo n'kutsekapo ndi mwala. Lamlungu m'mawa ankapeza mwala uli pambali, pegi mulibe, kansalu kokha kali kopinda bwinobwino. Mnyamatayo anazindikira wokunkhuniza mwalayo ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ataona Yesu atapana siketi ya kasitomala pachingwe. Kabatani anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, anali asanazindikire.

Atagoneka pegi ija, mtsikanayo anatulutsa ina m'thumba la diresi lake. Anali ataiveka chigamba cha buluu, m'khosi ataikoleka kachidutswa ka tepi yoyezera.

"Awa ndi Amayi. Agone limodzi. Iye akamadzuka awadzutse."

Anaigoneka pambali pa inzake, n'kukankha mwala ndi manja onse awiri. Kenaka anasasa dothi m'manja, monga munthu amene wamaliza ntchito imene akuluakulu inawakanika.

Mayi aang'ono, mng'ono wa malemuwo, anaona zonse ali pakhomo la chipinda, atapakata zovala zimene ankalongedza. Anamufunsa mnyamatayo Loweruka, Kabatani atapita kukasamba.

"Pulofesa, katoni ija ukuiganizira zotani?"

Dzina limenelo analipeza tsiku limene ankapita ku koleji. Nthawi imeneyo linkatsekemera.

"Sindikudziwa, Mayi."

"Mawa chotsamo onse awiri. Mwana asekeko tsiku limodzi."

"Akapeza mulibe, azikakhala pakhomo kudikira. Madzulo ndidzamuuza kuti chiyani? Kuti asochera njira?"

"Ndiye itaye. Unene kuti mphaka wagwetsa."

"Mphaka tilibe."

"Wa eni ake." Anapinda bulauzi n'kuiponya m'chikwama. "Iwe lero kunama kwakuvuta? Miyezi isanu mkulu wanga ankauza anthu kuti uli pasukulu, iwe uli m'misewu kugulitsa machaja a foni. Unabwera munthu atatha kale, nsalu ikumuzungulira kawiri."

Hmm, mnyamatayo anangotero mumtima. Mawuwo analowa ngati singano pansi pa chikhadabo. Analephera mayeso a chaka chachiwiri, anamuchotsa, ndipo kubwerera kwawo kunamulemera kuposa njala. Atabwera, Amayi anali pabedi. Anamugwira dzanja, nafunsa ngati wadya. Za sukulu sanafunse, iyenso sananene. Ankati adzanena akachira.

Masana a Loweruka m'nyumbamo munali zii. Pansi pa singano ya makina panali diresi la munthu wina, losokedwa mbali imodzi, ulusi ukulendewera. Mwini wake sanabwere kudzalifunsa. Mnyamatayo anaponda chopondera kamodzi, singano inatsika n'kukwera, ndipo phokoso lakelo linamuchititsa mantha, anachotsa phazi.

Kabatani anabwera n'kukhala pansi pafupi ndi katoni.

"Simunandifunse mafunso a Loweruka."

Analipodi mafunso a tsiku lililonse la sabata imeneyi, amene Amayi ankawafunsa. Anawakumbukira movutikira, ngati nyimbo ya kalekale.

"Lero anzake a Yesu ali kuti?"

"Abisala m'nyumba. Atseka zitseko."

"Chifukwa chiyani?"

"Mantha. Ndiponso manyazi, chifukwa anamuthawa."

"Wakhoza."

"Amayi amapereka batani ukakhoza."

Anatsegula dirowa ya makina, nampatsa batani lofiira. Mtsikanayo analiyang'ana padzuwa, nati lomweli analandira chaka chatha.

Lamlungu mnyamatayo anadzuka kunja kutangoyera. Anagwada, nakunkhuniza mwala. Pegi ya Yesu anaivula n'kuiika m'thumba. Kansalu koyera anayesa kukapinda katatu konse, koma ngodya zake sizinkakumana monga zinkakumanirana m'manja mwa Amayi. Kenaka anatenga pegi ya buluu. Inali yopepuka kwambiri. Anaiika m'thumba, naimirira, nafika mpaka pakhomo la khitchini. Pamenepo anaona m'maganizo mwake mwana atakhala pakhonde, akudzuka aliyense akamadutsa mumsewu. Anabwerera, naigoneka pamalo pake.

Kabatani anatuluka m'chipinda wosavala nsapato. Ataona mwala uli pambali anathamanga, nagona chafufumimba kusuzumira m'katimo. Anakhala choncho nthawi yaitali.

"Yesu wawasiya."

"Eya."

"Anaiwala?"

"Sanaiwale. Tsiku lawo silinafike."

"Lifika liti?"

"Sindikudziwa."

"Inu munapita ku koleji."

"Sindinamalize, mlongo wanga. Anandichotsa." Aka kanali koyamba kunena mawuwa m'nyumba imeneyi.

Mtsikanayo sanalire mofuula. Misozi inkangodontha pakatoni, dothi n'kumada. Mayi aang'ono anatulukira atafunda nsalu, napukusa mutu.

"Ndinakuuza ine. Wamuliza mwana tsiku la chimwemwe."

Mnyamatayo anagwira mwala kuti atsekenso mandawo, zithe. Kabatani anamugwira mkono.

"Musatseke. Wodikira munthu satseka."

"Wakuuza ndani zimenezo?"

"Amayi. Nthawi imene inu kunalibe, mwalawu sunkachoka pachitseko. Mvula izilowa, udzudzu uzilowa. Ine ndikadandaula kuzizira, amati, achimwene ako akapeza chotseka abwerera. Kugogoda angachite manyazi."

Mnyamatayo anayang'ana Mayi aang'ono. Iwo anayang'ana pansi, nakonza nsalu yawo paphewa.

"Kalata ya ku koleji inafika kuno mwezi woyamba womwe," anatero motsitsa mawu. "Mkulu wanga anandiletsa kukuuza. Ankati munthu wogwa m'matope sumuuza kuti wada, umangomutungira madzi."

Mnyamatayo anakhala pansi, mwala uli pamiyendo. Mbali imodzi unali wakuda ndi wosalala, pamene phazi la Amayi linkaukankha m'mawa uliwonse. Anapasisita ndi chala. Kutali belu la tchalitchi linalira, kenaka linaleka.

Anadzuka, natsegula chitseko mpaka kukhoma, n'kuikapo mwala uja ndi phazi. Mphepo ya m'mawa inalowa, nigwedeza ulusi wa diresi losatha lija. Kabatani anapukuta mphuno ndi mkono, nanyamula katoni mosamala kuti ogona m'katimo asagubuduke. Anaitembenuza kuti khomo lake liyang'ane kunja.