Nsapato Zanga Zinapita ku Reims

Alamu anga a Manasseh ndi akazi awo a Wezzie anasiya mwamuna wanga Eneya ali mufiriji ya kumochale, n'kukwera basi kupita ku France pa mipando yathu. Ndawatchula maina dala, kuti aliyense wowapatsa moni kutchalitchi adziwe dzanja limene akugwiralo.

Ulendowo unali wa mabanja a kumpingo kwathu. Eneya analembetsa ife awiri. Ankafuna kukaona minda ya mphesa. Zaka zonsezi ankayendetsa basi mu Glasgow muno, koma mtima wake unali pa khasu. Sutikesi analongedza yekha ulendo udakali kutali. Kenako m'mawa wina anagwa pakhomo akuvala jekete, osadzukanso.

Mawa lake a Manasseh anabwera, n'kukhala pampando wa malemu.

"Alamu, mwambo mukuudziwa. Namfedwa satuluka panja mpaka titameta. Za maliro musazikhudze. Kaya tiwatumiza kumudzi, kaya tiika konkuno, wonena ndine."

Ndinavomera. Sukulu ndinalekeza sitandade sikisi, koma ulemu ndimaudziwa. Ndinakhala pakapeti nditavala zakuda, amayi a mvano akuimba. Kenako foni ya a Manasseh inasiya kupezeka. A kampani yosunga maliro ankandiimbira kufunsa zomwe tagwirizana.

A Manasseh ndi a Wezzie anatulukira Lolemba masana, nkhope zili phuliphuli, atanyamula kabokosi ka mabisiketi apinki.

"Mipando ikanangopita yopanda anthu, alamu," anatero a Manasseh. "Tinapita kukamuimirira mkulu wanga."

Basi n'kuyamba kusimba, m'nyumba ya maliro.

"Tchalitchi cha mumzinda wa Reims, amayi inu!" anatero a Wezzie. "Ukati uone nsonga yake, duku imagwa. Pakhomo pali mngelo wamwala, akumwetulira ngati waba nyama mumphika. Koma buledi wawo, eee, kuuma ngati chikuni! Tchizi kununkha sokosi."

Amayi ena anaseka, n'kubisa pakamwa ndi chitenje.

"Nanga kumidzi kwake," a Manasseh anapitiriza. "Mphesa mizeremizere mpaka kuphiri, ngati tiyi wa ku Thyolo. Dothi loyera ngati choko. Anatilowetsanso m'mapanga momwe amasunga vinyo. Kuzizira kwake!"

"Kuposa kumene mwasiya mkulu wanu?" ndinafunsa.

A Wezzie anafuna kukonza zinthu.

"Tinayenda mitunda, achemwali. Anzathu onse matuza, ine ayi."

Ndinayang'ana pakhomo pamene anthu amavula nsapato. Zinali pamenepo. Zabulauni, zopanda gogoda, fumbi loyera m'mphepete monse. Zanga. Za musutikesi muja.

"Mwazitenga kuti zimenezo?"

"Ndinangobwereka tsiku lija tinabwera. Inu mukanapita nazo kuti?"

Nsapato zimenezo Eneya anandigulira chifukwa mapazi anga amatupa ndi ntchito yosamalira okalamba. Akaweruka ankakhala nazo pamiyendo, kuzipaka mafuta, kuzikanda ndi zala kuti chikopa chifewe. Ndikamuseka ankati, "Ketrina, iwe usakanditsimphinire pakati pa Azungu." Ine ndinali ndisanazipondetse pansi ngakhale kamodzi.

Ndinadzuka pakapeti paja, n'kukatola yakumanzere. Ndinapisa dzanja. Kansalu kofewa kamene Eneya anamata pamene pamakhala chala changa chopindika kanali pomwepo, katada ndi thukuta la munthu wina.

Sindinalire. Ndinatenga foni, n'kuimbira a maliro aja a Manasseh akumva. Eneya aikidwa Loweruka, konkuno, poti ndizikafika pabasi. Ndikavala nsapato zomwezi, ndipo fumbi lake sindipukuta. Dothi limene ankafuna kukaliona likafike pamanda pake.

A Wezzie anabwerera kwawo atavala patapata wanga wa kubafa. Pano a Manasseh akuyenda m'nyumba za anthu kunena kuti ndaswa mwambo, ati Ulaya wandilowa m'mutu.

Tsono inu amene mukuwerenga, makamaka inu munali m'basi muja, munawaona atakhala pa mipando yathu n'kumagawana nawo masangweji: ndi mwambo uti umatsekera namfedwa m'nyumba, n'kutsegulira mng'ono wa malemu chitseko cha basi? Musanong'onezane kuseri kwa tchalitchi. Ku Springburn kuno nyumba yanga mukuidziwa. Bwerani, muvule nsapato zanu pakhomo, mundiyankhe.