Moni Amene Shakila Sanapereke

Uladi anali telala, ndipo makina ake ankakhala pakhonde la sitolo ina kwa Mponda, pamene munthu sadutsa osaonedwa. Kunena zoona, maso ake ankasoka zambiri kuposa makinawo.

Mkazi wake Shakila anali atamaliza digiri yachiwiri ya uphungu wa zamaganizo. Chinatsala ndi chiphaso cha ntchito, koma asanachilandire ankayenera kuyamba wathandiza anthu pachipatala china m'tauni, mayi wina wamkulu pantchitoyo akumuyang'anira. Mayiwo ananeneratu kuti chinsinsi cha munthu mmodzi chikangotuluka, za chiphaso aiwale.

Shakila anali munthu wa moni. Ankalonjera aliyense, ngakhale mwana wamamina, moti kukagula tomato kokha kunkamutengera m'mawa wonse. Ndiye tsiku lina Uladi anaona zachilendo. A Sulemani, bambo ogulitsa usipa amene mwana wawo anamira panyanja chaka chatha, anakumana ndi Shakila patsogolo pa sitolo pomwepo. Shakila anayang'ana kumbali, iwo anayang'ana pansi, n'kudutsana ngati sadziwana. Sabata yotsatira zinachitikanso.

Chimene Uladi sankadziwa n'choti kusukulu anawaphunzitsa kuti munthu amene ukumuthandiza usamayambe ndiwe kumulonjera pagulu, kuopa kuti anthu angafunse kumene munadziwirana. Amene anapanga lamulo limeneli ndithu ku Mangochi sanafikeko. Kuno kumana munthu moni kumaoneka kuposa kumukumbatira.

Uladi nsanje inamugwira. Ankadziuza kuti anthu odana amatukanana, koma anthu ozembana maso ndiye kuti pali chimene akubisa. Atamufunsa mkazi wake, yankho lake linangothira mafuta pamoto.

"Bambo a Alima, zina musamandifunse. Ingondikhulupirirani."

Kukhulupirira? Lachitatu anasiya diresi ya mkwatibwi ili theka n'kukaima pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa chipatala. Anawaona a Sulemani akulowa m'chipinda cha Shakila, chitseko n'kutsekedwa. Munthu wamphamvu chonchija, wonyamula yekha thumba la usipa, angadwale chiyani? Anthu ozungulira mutu Uladi ankawadziwa, amatola mapepala kumsika. A Sulemani anatuluka akupukuta kumaso, ndipo Uladi anati chimenecho ndi thukuta la manyazi.

Kunyumba anangoyamba kununkhiza mpango wa mkazi wake ngati ungamveke usipa, ndipo usipa ukaphikidwa ankafunsa kuti wagulidwa kwa yani.

Lachisanu mapemphero atatha, amuna ali piringupiringu kufuna nsapato zawo pakhomo la mzikiti, Uladi anawaimirira kutsogolo a Sulemani. Mawu anawakweza dala kuti onse amve.

"Zimene mumakachita m'chipinda cha mkazi wanga ndikuzidziwa zonse."

Anthu anasiya nsapato. Uladi ankayembekezera kuti bamboyo akana kapena apsa mtima, koma a Sulemani anangogwira khoma.

"Zonse?" anafunsa motsitsa mawu. "Ndi za chingwe zomwe wakuuzani? Zoti ndinkafuna kumutsatira mwana wanga?"

Kwa nthawi yoyamba Uladi anachita mantha ndi pakamwa pake. Anayamba kulumbira kuti Shakila sanamuuze kalikonse, kuti iye amaganiza zina, zopusa, zoti sangazitchule n'komwe pamalo ngati ano. Koma ndani akanamukhulupirira? Anali atangonena yekha, anthu onse akumva, kuti akudziwa zonse.

A Sulemani anavala nsapato zawo mosafulumira. Anati akupita kuchipatala pompano kukaonana ndi mayi wamkulu uja, kuti mwana wa munthu wina asadzapusitsidwenso ngati iwo.

"Ndinkati ndapeza munthu mmodzi woti n'kumuuza," anatero. "Ngakhale mkazi wanga sindinamuuze."