Matayala Odyeka Mkati

Ku Koppang, katauni ka kudziko lozizira kwambiri, ndinafikako Pasaka itangodutsa, sabata imene aliyense amavula galimoto yake matayala a misomali, aja oyendera pa misewu youndana nthawi ya chisanu. Basi yanga inali ikadali kutali, choncho ndinakakhala pa galaja ya Steinar Bjøntegård. Khofi wake sagulitsa, ndipo anthu akamadikira pamzere, pakamwa pamamasuka.

Ndinapezapo mdala wina dzina lake Asbjørn, ali ndi mwana wake wamkazi, Ragnhild. Galimoto ya mdalayo inali itakwezedwa m'mwamba: yamagetsi, yofiira, zija zimanyamuka ngati mwala wa legeni. Matayala akumbuyo anali atangogwira nyengo imodzi ya chisanu. Kunja ankaoneka atsopano, koma mkati anali see ngati dazi, waya ali poyera.

"Bambo, tinapangana," anatero Ragnhild, dzanja atatambasula. "Ndinati akathanso msanga, ndiye kuti mukumagunda miyala ya m'mphepete mwa msewu osazindikira. Bweretsani kiyi."

"Maso anga ali bwinobwino, iwe."

"Awa ndi achiwiri! Si inu munkati yamagetsi sidya ndalama?"

"Petulo simwa," Steinar analowererapo, "koma mphira imadya ndi manja awiri. Batire lokhalo kulemera ngati ng'ombe yabere."

Palibe anaseka. Asbjørn ankakhala yekha kumtunda, makilomita makumi atatu kuchokera pa golosale. Kupereka kiyi kunali kutseka nyumba imene anabadwiramo n'kukakhala m'kachipinda kwa Ragnhild ku Hamar.

Steinar anamangirira zipangizo zake pa mawilo onse anayi, makina owongolera mawilo aja, n'kuyang'ana pa kompyuta nthawi yaitali. Kenako anatenga tochi n'kulowa pansi. Potuluka anali akupukusa mutu.

"Mwala suchita zotere. Mwala umapotoza mbali imodzi. Apa mawilo onse awiri apotoka mofanana, ndipo mabawuti alumidwa ndi sipanala chaka chomwe chino." Anatembenukira kwa mdala uja. "Asbjørn, nkhalamba yopanda manyazi iwe, ndinene ndine kapena unena wekha?"

Nkhani yotsalayo Steinar anachita kundiuza pambuyo pake. Ali anyamata, awiriwa ankathamangitsa magalimoto pa nyanja youndana kuseri kwa phiri. Lamlungu lililonse madzi akauma gwa, mudzi wonse unkatsikira kumeneko, amayi atanyamula khofi m'mafulasiki, agalu akuuwa utsi. Makina kunalibe. Aliyense ankawongola yekha mawilo m'khola la udzu, ndi chingwe ndi lula, ndipo wochenjera ankapotoza akumbuyo dala kuti galimoto izitsetsereka bwino pokhota. Asbjørn ndiye anali katswiri wa chingwe. Masiku ano madziwo sauma mokwanira, ndipo ambiri mwa anzawo aja ali kumanda.

Mdalayo anavula chipewa n'kuchipinda m'manja.

"Galimoto imeneyi ndi yaulemu kwambiri," anatero motsitsa mawu. "Ukakhota, nayo ingokhota, phee, ngati ikupita kumaliro. Ndinkangofuna kuti kumbuyoku kuzivinako pang'ono. Monga kale."

"Munalowa pansi pa galimoto nokha? Pa msinkhu wanuwu?"

"Kawiri kokha."

"Kawiri!" Ragnhild anagwira m'chiuno. Kenako anakhala ngati wakumbukira china. "Dikirani. Chingwe chija chimafuna anthu awiri. Anakugwirirani ndani?"

"Ndinamangirira pa mwendo wa mpando." Asbjørn anayang'ana pansi. "Mpando sugwira bwino ngati iwe. Iwe uli kamwana sunkagwedezeka, ngakhale mamina atauma pamphuno."

Ragnhild anatsitsa manja. Ndinamuona akuyang'ana zala zake, mayi wa imvi zake kale, ngati chingwe chija chikadali pamenepo.

"Ine ndingonenapo chilungamo," anatero Steinar akupukuta manja. "Kuyeza kwake n'kwa ndendende. Mbali zonse ziwiri walakwitsa mofanana, osasiyana ndi tsitsi lomwe. Wa maso akufa sangathe zimenezi. Angathe ndi wopusa yekha."

"Wopusa ndi uja anamiza galimoto ya apongozi ake m'nyanja," Asbjørn anabweza.

"Madzi anali ofewa tsiku limenelo!" Steinar anadziteteza.

"Anali ofewa pamene unadutsa iwe pokha?"

Ragnhild anafuna kuseka koma anadzigwira. Anapita pa tayala lija n'kuyendetsa chala pa waya, pang'onopang'ono.

"Likanaphulika pa mtsetse wa kumtunda uja, bwenzi tikunena zina," anatero. "Mukudziwa zimenezo, bambo?"

"Ndikudziwa."

"Steinar, wongolani mawilowo monga mwa buku, muike matayala a chilimwe. Mukamaliza, bawuti lililonse mulipake penti, kuti likakhudzidwa tidziwe." Anatembenuka. "Kiyi khalani nayo mpaka a misomali adzabwererepo. Tsiku limenelo ndidzabwera ndekha ndi tochi. Penti ikadzapezeka yosweka, mukupita ku Hamar, ndipo sitidzakambirananso."

Asbjørn anavala chipewa chake. Anayenda mozungulira galimoto, n'kuima pafupi ndi mnzake uja.

"Upake yofiira," anamunong'oneza, "isamaoneke kwambiri."

Steinar anatsegula kabati n'kutulutsa yachikasu.